Nkhuni za Uvuni wa Pitsa

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, chaka chachitatu chibwerere zipani zambiri. Kalatayo ndinailemba pamanja, pepala la kaboni lili pansi, ndipo kope lake lili mu fayilo yanga yobiriwira, pamwamba pa makalata onse. Ndinadandaulanso mu Julaye, kenako mu Ogasiti. Makalata atatu onsewo anayankhidwa, lililonse lisanathe masabata awiri. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti komiti ya nyumba ya alendo sidziwa kuyankha makalata. Imadziwa bwino lomwe. Inkandiyankha mwamsanga nthawi imene ndinali wolakwa.

Ine ndinagwira ukalaliki wosunga katundu pa esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri la Mulanje mpaka tsitsi linayera. Nditapuma ntchito ndinadzakhala kwawo kwa akazi anga, kumunsi kwa Fort Lister, pamene msewu umatsika kuchokera pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Kuno ndine mkamwini. Nthaka imene ndimapondayi si yanga, ndi ya mbumba ya akazi anga. Iwo atamwalira, mwambo unali woti andisudzule ndibwerere kwathu. Ndinali nditamanga kale mafayilo anga m'katoni pamene mng'ono wa malemuwo, mlamu wanga, mayi wamasiye, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mukupita kuti ndi katoni? Kwanu kwatsala ndani, agalu? Masulani. Mukachoka atiwerengera makalata ndani?"

Ndinamasula katoni ija. Kuyambira pamenepo mbale yanga inkachokera kukhitchini kwawo, ndipo tsiku silinkatha osandinyoza monga achitira alamu. Ankandifunsa ngati tsiku la maliro anga adzandiike pamodzi ndi fayilo kapena fayiloyo aikumbire manda akeake. Ine ndinkawayankha kuti risiti ya bokosi ndidzaifuna ndithu.

Nyumba ya alendo inamangidwa ndi komiti ya chitukuko m'zaka zoyamba za zipani zambiri, nthawi imene mudzi uliwonse unali ndi komiti ndipo munthu aliyense anali atazindikira kuti kudandaula sikumangitsanso. Munkagona azungu okwera phiri. Ambiri a iwo sankadya nyama. Akhuki a panyumbapo, bambo wachisilamu amene anaphikirapo azungu ku Limbe, ankawakonzera pitsa ya masamba: mkate wopyapyala wozungulira ngati chivindikiro cha poto, pamwamba pake matimati, anyezi, mabiringanya ndi tchizi. Ankaiphika mu uvuni wa gasi.

Ndinkapita kumeneko masana kukawerenga nyuzipepala zimene alendo asiya. Tsiku lina ndinazungulira kuseri kwa khitchini ndipo ndinapeza mulu wa zitini zopanda kanthu. Munthu wosunga katundu sapitirira chitini osawerenga zolembedwa pamenepo. Anali matimati a ku Italiya. Ndinapita kukayang'ana thumba la ufa wa tirigu ndi pepala lokutira tchizi: zonse za ku Joni. Dzulo lake lomwelo ndinali ku Migowi, kumene ndinaona amayi akukhuthula madengu a matimati oola kuseri kwa msika. Mtima unandiwawa.

Pakhonde panali mtsikana wachizungu amene ankayesa Chichewa chake pa aliyense wodutsa. Ndinamuonetsa chitini. Iye anandifotokozera, mawu ena m'Chichewa ena m'Chingerezi, kuti chakudya chilichonse chimasiya utsi m'njira imene chadzera. Sitima ya panyanja imafuka, lole imafuka, ndipo utsiwo sutha, umaunjikana kumwamba n'kumatenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Anati munthu akhoza kukana nyama koma mbale yake n'kukhalabe ndi utsi wambiri, malingana ndi kumene zinthuzo zachokera. Ine ndinamva. Mvula inali itatizunza kale zaka zimenezo, ndipo tsopano ndinali ndi chitini m'manja choti ndichiloze.

Ndinabwereka mapu kwa mphunzitsi wina, ndinatenga ulusi ndi rula, ndipo ndinakhala masiku anayi patebulo. Ndinajambula mizere pa pepala lalikulu: dzina la chinthu, kumene chimachokera, mtunda wake, chimene chimachinyamula, ndi utsi wake, wambiri kapena wochepa. Matimati: kutsidya kwa nyanja zamchere, pa sitima, pa lole, pa lole inanso. Tchizi ndi ufa: ku Joni, pa lole. Gasi: kunja kwa dziko, kenako ku Blantyre, kenako kuno m'mabotolo achitsulo. Kumanja kwa pepalalo ndinalemba zolowa m'malo mwake. Matimati, anyezi ndi mabiringanya zichokere m'dimba la alamu anga, pamutu. Bowa wa m'dzinja azithyoledwa m'phiri. Pa tchizi ndi ufa ndinalemba moona mtima kuti palibe chochita. Pa gasi ndinalemba kuti nyumbayo imange uvuni wa njerwa, izigwiritsa ntchito nkhuni.

Mzere wa nkhuniwo ndi umene ndikulembera zonsezi. Pa mtunda ndinalemba kuti palibe. Pa chonyamulira ndinalemba kuti palibe. Pa utsi ndinalembanso kuti palibe. Kope lake ndili nalo, ndipo ndi dzanja langa. Ku esiteti, chinthu chimene sichinabwere pa galimoto ndi kapepala kake sitinkachilowetsa m'buku la katundu. Mchenga wa mumtsinje, udzu wofolera, nkhuni za m'tchire, zonsezo kwa kalaliki kunalibe. Ndinagwira ntchito motero moyo wanga wonse, ndipo ndinayeza pitsa ya azungu ndi maso omwewo. Nkhuni zinalibe lole, choncho kwa ine zinalibe utsi.

Kalata yanga yachitatu yodandaula za zitini zija itayankhidwa anandiitana ku msonkhano wa komiti. Ndinatambasula pepala langa patebulo, mamembala n'kumagwedeza mitu. Akhuki okha ndiwo anatsokomola ali chiimire pakhomo la khitchini.

"A kalaliki, munauonapo uvuni wa njerwa ukudya? Pitsa si mbatata yoti mukwirire m'phulusa. Imafuna njerwa zitenthe mpaka ziyere. Alendo awiri okha, ine ndiyambe kusonkhezera m'mawa, ndipo si mapesi ayi, ndi zipika."

"Achimwene," ndinawayankha, "inu dziwani za mchere. Za mitunda mutisiyire ife tinapita kusukulu."

Anthu anaseka. Mlembi analemba m'maminitsi kuti msonkhano unaseka, ndipo kope la maminitsiwo lilinso mu fayilo. Akhuki anapukuta manja pa epuloni n'kubwerera kumapoto awo.

Panatsala funso loti nkhunizo zizichokera kuti, pakuti m'nkhalango ya boma simuloledwa nkhwangwa. Yankho ndinali nalo. Kumtunda kwa munda wa alamu anga kunali kankhalango ka banja: misuku, miwanga, ndi mkuyu umodzi waukulu umene patsinde pake pankatuluka kasupe wothirira dimba. Apongozi anga ali moyo sankalola nkhwangwa mmenemo. Munthu ankangotola nthambi zogwa zokha.

Ndinawapeza alamu akusenda chinangwa cha makaka pabwalo. Ndinawafotokozera za sitima, za malole, ndi kuti masamba awo azigulidwa ndi nyumba ya alendo chaka chonse asanayang'ane kwa munthu wina aliyense.

"Nanga nkhunizo, azitola zouma zokha?" anafunsa osakweza mutu.

"Zouma, ndi zina pang'ono."

"Amayi ankati kankhalango kaja ndi lamba wa munda. Mukamasula lamba, alamu, mukudziwa chimene chimagwa."

Tinaseka tonse awiri. Kenako anati, "Odziwa mapepala ndinu. Ngati mwaona kuti zili bwino, zili bwino."

Pangano ndinalilemba ndekha. Sindinalembemo mawu oti zouma. Ndinalemba kuti nyumba ya alendo izitenga nkhuni zokwanira uvuni. Ndipo poopa kuti tsiku lina komiti ingadzuke n'kusiya masamba a alamu chifukwa cha mphwake wa wina wake, ndinaika ndime yomaliza imene ndinanyadira nayo kwambiri: panganoli silidzatha kapena kusinthidwa ndi mawu apakamwa a munthu aliyense, koma ndi kalata ya komiti yokhala ndi chidindo. Ndinkati ndikuwamangira mpanda. Alamu sadziwa kulemba, choncho ndinawagwira dzanja, ndinadinda chala chawo chachikulu pa inki yanga, n'kuchitsindika pansi pa pepala.

"Munatenga akulu anga, lero mwatenganso chala changa," anatero akupukutira inkiyo pa chitenje. "Chotsatira n'chiyani, mbuzi?"

Chaka choyamba chinali chokoma, sindingabise. Uvuni wa njerwa unamangidwa kuseri kwa khitchini, wa gasi uja anaugulitsa. Pepala langa analimasulira m'Chingerezi, analiika m'galasi n'kulipachika m'chipinda chodyera. Alendo ankalijambula ndi makamera, ena ankapempha kugwirana chanza ndi mkulu amene analilemba. Ndinayamba kuvala jekete popita kukawerenga nyuzipepala. Tsiku lina akhuki anatipatsa pitsa yathunthu, ine ndi alamu, kuti tilawe ntchito ya manja athu. Alamu anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye ndiwo angoziyanika pamwamba pa mkate ngati mfutso? Azungu ndi aulesi eti."

Anadya zidutswa zitatu, n'kunena kuti makaka ndi nandolo ndiye chakudya.

Nthambi zouma zinatha miyezi yozizira isanathe. Amuna awiri amene komiti inawatuma kukatema nkhuni anayamba ndi misuku ya m'mphepete, kenako miwanga, chifukwa mwanga umayaka nthawi yaitali ndipo akhuki ankafuna makala okhalitsa. Apa ndi pamene mlandu wanga ukulemera. Sindinganene kuti sindinaone. Njira yanga yopita ku nyumba ya alendo inkadutsa pambali pa kankhalangoko. Ndinkaima n'kuwerenga zitsa, n'kulemba chiwerengero chake m'kope laling'ono la m'thumba la jekete, tsiku ndi mwezi wake. Kenako ndinkatseka kopelo n'kupitiriza ulendo kukakhala pansi pa pepala langa la m'galasi. Ndinachita zimenezi zaka zitatu. Ndinkafika kuseri kwa khitchini utsi uli tolo, maso n'kumandiwawa, misozi n'kumatuluka, ndipo ndinkangosunthira mpando kumene mphepo ikuchokera. Munthu amene analembera makalata atatu zitini za matimati sanalembe ngakhale mzere umodzi za zitsa, chifukwa kalata imeneyo ikanakhala yotsutsa mwini wake.

M'chaka chachitatu kasupe anayamba kuchepa mu Seputembala. Pofika Okutobala alamu ankadikira ndowa imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Dimba linafota mbali imodzi. Matimati atasowa, nyumba ya alendo inayamba kutuma njinga ku Migowi, ndipo palibe amene anakumbukira kuti pangano linkanena za masamba a alamu. Mbali ya nkhuni yokha ndiyo inkakumbukika.

Mvula imene inamaliza nkhaniyi inagwa masana, mu Januwale, titangodya. Sinali yoopsa kuposa mvula zina zimene taona kuno. Koma madzi otsika m'phiri sanapeze chowagwira. Anadutsa pakati pa zitsa molunjika, analowa m'munda kumtunda, n'kung'amba chigwembe chozama mpaka m'chiuno mwa munthu kuchokera pamwamba kukafika kumsewu. Chinangwa chinazulidwa, nandolo anagona m'matope, nthaka yakuda yonse ya mbali ya kum'mawa inapita kukatsala miyala. Anthu ena anati wadutsa napolo wamng'ono. Ife a kuno napolo timamudziwa, ndipo sititchula dzina lake mwamasewera. Uyu sanali napolo. Anali madzi wamba otsata njira imene ine ndinawalambulira ndi cholembera.

Mvula itakata ndinawapeza alamu ataima m'mphepete mwa chigwembecho, khasu lili paphewa, ngakhale panalibe choti alime. Anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Alamu, pa pepala lanu lija, madzi awa munawalemba mzere uti?"

Kuyambira tsiku limenelo sanandinyozeponso. Mbale yanga imabwerabe nthawi yake, yovindikira bwino. M'mawa amandipatsa moni wathunthu, "Mwadzuka bwanji, bambo," atapinda bondo ngati kwa mlendo. Za fayilo ndi manda ake sananenenso. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa mudzi wonse.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita kwa wapampando wa komiti, bambo wa ku chigawo chapakati amene anabwera kuno pa ntchito ya boma n'kukhazikika. Ndinawapeza akupopa njinga.

"Nkhwangwa zija ziime lero," ndinatero.

"Madala, ife tikutsata nzeru zanu. Si izo zili pakhoma, m'galasi?"

"Lichotseni pepalalo. Ndi labodza."

"Aa, labodza bwanji? Alendo amalikonda. Ena amabwerera lomwelo. Ndiye tiphikire chiyani, uvuni wa gasi munatigulitsitsa nokha?"

"Mwini nkhalango sakufunanso."

"Imeneyo ndi nkhani yapakamwa, madala. Munalemba nokha kuti pakamwa sipathetsa kanthu. Lembani kalata, komiti ikakhala idzaona."

Anandiwerengera ndime yanga yomwe, mawu ndi mawu, akupopabe njinga.

Ndinalemba. Kalata yachinayi ili mu fayilo, yachisanu, yachisanu ndi chimodzi, mpaka yakhumi. Palibe imene yayankhidwa. Chifukwa chake aliyense akuchidziwa: chidindo chili m'nyumba mwa mlembi, ndipo mlembi ndi wapampando salankhulana chichitikireni chisankho chapitachi, pakuti wina anavala nsalu ya chipani china. Komiti siinakhalepo pansi kuyambira pamenepo. Koma uvuni ukuyakabe, ndipo amuna awiri aja amakwerabe ndi nkhwangwa Lachiwiri lililonse. Ndinawauza alamu kuti aime panjira awabweze, pakuti nkhalango ndi yawo. Anangondionetsa chala chachikulu.

"Ichi chili pa pepala paja. Munati pepala silinama."

Akhuki sanandikumbutsepo za tsiku limene msonkhano unaseka. Mwa okha anayamba kuphika pitsa masiku awiri okha pa sabata, ndipo amayatsira moto ndi mitengo ya nandolo youma kuti zipika zichedwe kutha. Alendo akaumirira tsiku lina, amawauza kuti yisiti yotupitsa mkate yatha. Ndinawathokoza tsiku lina kuseri kwa khitchini. Iwo anati, "A kalaliki, ine ndimangodziwa za mchere," n'kundipatsa tiyi.

Pepala la mitunda ndinalijambulanso chaka chatha, lili pa tebulo pano. Za zitini sindinasinthe maganizo. Kuolotsa matimati nyanja zamchere pamene a ku Migowi akuolera kuseri kwa msika ndi uchitsiru, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka tsiku londiika. Koma ngati wina andifunsa kuti utsi wochuluka ndi uti, wa sitima ndi malole aja kapena wa miwanga yathu, ndiyankha kuti sindikudziwa. Ulusi ndi rula siziyeza zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa mzere wa nkhuni sipanayenera kulembedwa kuti palibe. Pa pepala latsopanoli mzerewo ndi wautali kuposa yonse: pali zitsa za m'kope langa, pali kasupe, pali theka la munda.

Mkamwini sadzala mitengo pa nthaka ya eni ake, amati akufuna kulanda malo. Choncho ndinapita kukapempha chilolezo kwa alamu kuti ndiike mbande pakati pa zitsa zija.

"Dzalani," anatero. "Koma musalembe."

Ndadzala, ndipo sindinalembe. Koma mbande ndi mbande, sizingagwire madzi a chaka chino. Chimene chikugwirabe theka lotsala la mundawo ndi mkuyu uja ndi mitengo isanu ndi umodzi yoyandikana nawo. Lachiwiri lapitali ndinapeza umodzi mwa iyo utasemedwa khungwa, chizindikiro chimene amuna aja amaika pa mtengo wotsatira. Mitambo yayamba kale kuunjikana pamwamba pa Michesi masana. Mitengo imeneyo ikagwa mvula isanabwere, mayi amene anandiletsa kunyamula katoni adzakhala wopanda polima, ndipo ine ndidzakhala ndikudyabe m'mbale yake.

Choncho, ine amene ndinalemba pangano lija, ndikupempha mwaulemu wonse wapampando, mlembi ndi mamembala a komiti ya nyumba ya alendo kuti akhale pansi ngakhale kwa ola limodzi, nsalu za zipani atazisiya kunyumba, ayankhe makalata anga asanu ndi awiri amene ali m'manja mwawo. Ndikupempha kuti yankholo likhale lolembedwa, lokhala ndi chidindo monga ndime yomaliza ifunira, lonena momveka kuti pangano la nkhuni latha ndipo nkhwangwa sizidzalowanso m'kankhalango kaja. Pepala la m'galasi lichotsedwe pakhoma n'kubwezedwa kwa ine mwini wake. Kalatayo iperekedwe kunyumba kwa alamu anga mvula yoyamba isanagwe, ndipo awawerengere mokweza munthu wina, osati ine. Ndikuyembekezera yankho lanu.